Sanda ya Kasimu

"Ndikufunsaninso, alamu," anatero Selemani, dzanja lili pa sutikesi yotsekula. "Sanda ya mng'ono wanga ili kuti?"

Mwanahawa anapitiriza kusankha mpunga m'lichero. Funso limeneli analimva masiku asanu ndi limodzi, chimwalirireni mwamuna wake Kasimu. Komboni yonse ya pa esiteti ya tiyi inkadziwa kuti Kasimu anagula kale ku Chipinge nsalu yoyera yodzamuikira m'manda, monga achitira Asilamu oganiza za mawa. Koma tsiku losambitsa thupi, m'sutikesimo munapezeka majuzi okhaokha, ndipo bambo wamkulu ngati ameneyo anaikidwa m'nsalu yochita kupempha kumzikiti.

Pakamwa pa anthu sipatsekeka. Ena ankati mayiyo anaigulitsa, ena ankati anasokera makatani.

"Mawa ndi sadaka ya tsiku lachisanu ndi chiwiri," Selemani anapitiriza. "Ine sindingaitane shehe m'nyumba ya mkazi wogulitsa sanda ya mwamuna wake."

"Amayi, tauraiwo, lankhulani!" anadandaula Nasra, mwana wawo wamkazi, amene Chishona chinkamutsogolera akapsa mtima. "Kumpopi anthu akukunenani."

"Khala chete iwe."

Mwanahawa ankadziwa bwino kumene nsaluyo inali, ndipo n'chifukwa chake anatseka pakamwa. Kasimu ankaumitsa tiyi kufakitale mlungu wonse, koma Loweruka ankasanduka munthu wina. Mphunzitsi wa pasukulu ya pa esiteti anali ndi gulu la zisudzo lochita masewero akalekale a Agiriki m'Chishona, ndipo Kasimu ndiye ankakhala mfumu yokalamba. Pokonzekera mpikisano wa ku Mutare, mfumuyo inasowa mwinjiro woyera. Kasimu anangotsekula sutikesi, nati, "Ikungogona muno, mayi a Nasra. Iyambe yaona dziko." Anabwerako akutsokomola, nsalu itatsala m'bokosi la zovala za gulu, ndipo patangotha milungu iwiri anatsirizika kuchipatala cha Mount Selinda.

Selemani ankadana nazo zisudzozo kuyambira kale. Akanamva kuti sanda inavinidwa pamaso pa anthu oimba m'manja, dzina la Kasimu likanatha kumzikiti. Mwanahawa anasankha kuti lithe lake. Koma zinkamuwawa, ndipo nthawi zina ankamukwiyira womwalirayo pomusiyira mlandu wotere.

Dzuwa lili paliwombo, kunja kunamveka odi. Analowa mayi wovala jekete yabuluu, matope ofiira ali m'nsapato, atanyamula mitolo iwiri. Anali Plaxedes, mphunzitsi uja.

"Nematambudziko," anapepesa maliro m'Chishona atagwada.

"Akaonekwa," anayankha Mwanahawa mwa mwambo wake, maso ali pa mtolo waukuluwo.

Plaxedes anayamba ndi mtolo waung'ono. Munali chishango chamkuwa cholembedwa dzina la Kasimu ndi chaka, 1991. Ankalankhula Chishona, Nasra n'kumamasulira bambo ake aakulu ngakhale iwo ankamva.

"Akuti oweruza asankha bambo kuti ndiwo anaposa onse pa masewero akale m'chigawo chonse. Dzina lawo litatchulidwa dzulo popereka mphotho, holo yonse inaimirira."

"Mkuwa sumuwerengera dua munthu, sumupempherera," anatero Selemani, osachigwira n'komwe.

Plaxedes anayamba kumasula mtolo wachiwiri.

"Siyani, aphunzitsi," Mwanahawa anafulumira. "Zimenezo tiona bwino."

Anachedwa. Nsalu yoyera inali itaonekera kale, yopindidwa bwinobwino, ndipo Plaxedes, posadziwa kanthu, anali akufotokoza mokondwa kuti uwu ndi mwinjiro wa mfumu, wabweza kwa eni ake.

Selemani anaimirira pang'onopang'ono.

"Sanda? Anavala sanda pochita zachibwana?" Anatembenukira mlamu wake. "Ndipo inu mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"N'kundisiya ine ndikukutukwanani masiku onsewa?"

"Ine ndili moyo, alamu, ndingathe kudziyankhira tsiku lina. Bambo a Nasra sangathenso."

Nasra atamunong'oneza kuti nsaluyo ndi yoikira maliro, Plaxedes anagwira pakamwa. Kenaka analankhula motsitsa, misozi ili m'maso. Anati tsopano wamvetsa chifukwa chake Kasimu anakana kuti telala aidule, anakana ngakhale singano. Ankaigwiriza ndi mapini awiri paphewa. Asanaivale ankasamba m'manja ndi kumaso, ndipo akamaliza ankaipinda yekha, osalola kuti ikhudze pansi.

Selemani anatenga nsaluyo mwaukali, naifunyulula kuti aone pamene inaonongeka. Anaiyeza ndi mkono wake, kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, uku akuwerenga chamumtima. Panalibe podulidwa, panalibe banga. Anayezanso kachiwiri, nkhope itachita makwinya.

"Yatalika iyi," anatero. "Kasimu anali wamfupi. Anamunamiza kusitolo."

"Sanamunamize," anayankha Mwanahawa. "Anayeza pa msinkhu wanu. Ankati achimwene amalalikira za imfa koma yawo sagula, amaopa. Ndiye ndigule yaitali, amene ayambe kupita imukwane."

Selemani anakhala pansi. Anayang'ana nsaluyo nthawi yaitali. Kunja thalakitala yonyamula masamba a tiyi inadutsa, phokoso lake n'kuzilala kumunsi kwa phiri.

"Nasra," anatero pomaliza, "pita ukawauze ashehe kuti mawa tiwadikira."

Mtsikanayo atatuluka, Selemani anakokera chishango chija pafupi, napukuta fumbi pa dzinalo ndi chala. Kenaka anaimirira, nakoleka nsaluyo paphewa lake mosadziwa bwino, mbali ina ikulendewera.

"Aphunzitsi," anafunsa, "ankavala chonchi?"

Plaxedes anapukusa mutu. Mwanahawa anaika lichero pansi, nanyamula nsonga yolendewerayo isanakhudze dothi, n'kuipereka m'dzanja la mlamu wake.