Kamwala m'nsapato ya agogo

Iwe mnzanga, takhala pansi ndikuuze. Umandidziwa kuti chipongwe ndinabadwa nacho, koma ulendo uno chinandiphunzitsa nzeru.

Agogo anga aamuna ankagwira ntchito ku positi, zaka makumi atatu akuyenda wapansi ndi chikwama cha makalata. Nsapato zawo zakuda za ntchito zija anazisungabe. Ndili mwana ndinkaponyamo kamwala n'kubisala kuseri kwa chitseko. Akangoponda kamodzi umamva, "Kachipongwe, tabwera kuno!" Ankandithamangitsa mpaka pampopi, tonse tikuseka.

Chaka chino agwa kawiri, pakhonde ndi kubafa. Amayi anaika lamulo: "Bambo, zoyendayenda zatha, muzikhala pampando." Anawagulira mapatapata ofewa, aakulu, ati mapazi azipuma. Munthu woti m'mawa uliwonse ankapita pabenchi ya kwa telala kukakangana za mpira ndi anzake anangoti zii, maso pawindo.

Ndinafuna ndiwaseketse. Loweruka amayi atawalola kukametetsa tsitsi, ndinaponya kamwala m'nsapato za positi zija ngati kale. Anazivala, anapita, anabwera, osadandaula. Povula, sokosi ili ndi magazi.

"Agogo, simunamve?"

"Kumva chiyani?"

Phwete lonse linandithera. Ndinaulula kwa amayi, anandikalipira mpaka makutu kutentha, kenako tinapita nawo agogo kuchipatala.

Adokotala anawauza kuti atsinzine, n'kumawakhudza kuphazi ndi kaulusi kolimba. Malo ambiri sanamve kanthu.

"Mapazi ndi amene amauza mutu kuti pansi pali bwanji," anatero adokotala. "Ukalamba kapena shuga zimachepetsa kumva kumeneko, ndiye tiyezanso magazi. Kunyumba amavala chiyani?"

"Mapatapata ofewa," amayi anayankha monyadira.

"Amenewo ndiye oyamba kutaya, amavuka munthu akuyenda." Kenako anatembenuza nsapato za positi zimene agogo anabwera atavala. "Izinso kunsi kwasalala ngati sopo."

"Zimenezo zayenda kuposa galimoto yanu, adokotala," anatero agogo.

"Ndiye zipume pantchito ngati eni ake. Muwapezere nsapato zokwana bwino, zomanga, zogwira chidendene, zafulati, kunsi kwake kosaterera. Ndipo musawatsekere m'nyumba, miyendo ikangokhala imafooka."

Amayi anangoyang'ana pansi.

Adokotala anatulutsa zoyala m'nsapato zoyendera batire, zonjenjemera pang'ono kwambiri. "Izi zimathandiza ena kuti mapazi azimva pansi bwino, asamadzandire. Sizipezeka paliponse, komanso si onse zimawayanja, ndiye tiyese kaye."

Anaziika m'nsapato, agogo anaimirira, adokotala n'kumawonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi agogo ananditembenukira, maso ali tong'o.

"Kachipongwe, waikamonso chiyani?"

"Mwamva eti?" adokotala anaseka. "Ndiye tichepetsa pang'ono, zizigwira ntchito inu osazimva."

Ine misozi inalengeza. Panali patatha zaka zambiri ndisanamve mawu amenewo.

Pano agogo anabwerera pabenchi ya kwa telala, ndi nsapato zatsopano, zoyala zija zili m'kati, ndipo akuti timu yawo ikanawina akanakhala kochi ndi iwo. Za positi zija zili pashelefu, Lamlungu lililonse amazipolisha. Chilango changa anagamula okha: m'mawa ndizikutumula nsapato zawo kuona ngati mulibe kamwala, madzulo ndiziwayang'ana kumapazi ngati kulibe bala. Woika miyala wasanduka wochotsa miyala.

Ndiye mnzanga, agogo ako akayamba kugwa usathamangire kuwakhazika pampando. Tembenuza nsapato zawo uone kunsi, pita nawo kuchipatala akawayeze mapazi, ufunsenso ngati zoyala zonjenjemerazo zingawathandize. Za kamwala usayesere, ine ndinangochita mwayi kuti bala linapola.

Nanga kwanu, ndi nsapato ziti zimene agogo amakana kutaya, ndipo amati zinayenda mpaka kuti? Tandiuzeni m'munsimu, ndikawawerengere agogo pabenchi.