Matiresi Ogonera Abusa

Chaka chimenecho akuluampingo anagwirizana kuti abusa akabwera kudzadyetsa Mgonero, adzagone kwa a Simeon. Akazi awo, Mayi Lefina, atamva anangoti, "Ambuye alemekezeke," maso ali pansi, koma pobwerera kunyumba ankayenda ngati mwanawang'ombe womasulidwa kumene. Kwa zaka zambiri abusa ankafikira kwa Mayi Modester, mnzawo wa m'Chigwirizano, ndipo a Lefina anali atatopa kumva kuti abusa amaukonda tiyi wa kwa a Modester.

Chosowa chinali pogona. A Simeon atangogulitsa mabelo awo oyamba a fodya anapita pa Mtunthama, kushopu ya a Haidari, nabwera akukankha njinga, pakaliyala pali matiresi a kaunjika. Anali onenepa, ofewa, okhala ndi zipi kuzungulira.

Abusa ankayembekezeka Loweruka. Lachinayi a Lefina anawanunkhiza matiresi aja nati, "Munthu wa Mulungu sangagone pa thukuta la anthu osadziwika kwawo." Anatsegula zipi, navula nsalu yakunja kukaichapa. M'kati anapezamo nsalu ina yoyera, yonyezimira.

A Modester anafika nthawi yomweyo, kudzathandiza kapena kudzaona, Mulungu yekha akudziwa.

"Amake Thoko, zinthu zochokera kutalizi zimakhala ndi fumbi. Tiyeni tiwakunthe."

Anawayedzamiritsa pangolo, aliyense natola ndodo, nkuyamba kuwakuntha monga amachitira ndi matumba a feteleza asanawasoke. Anayambitsa nyimbo ya chitsitsimutso, ndodo zikutsata nyimboyo. Pofika ndime yachitatu nsalu yoyera ija inang'ambika, ndipo kafumbi konyezimira kanayamba kuuluka padzuwa.

"Taonani ulemerero!" anatero a Lefina.

Nsalu yakunja inali isanaume, koma a Simeon anati matiresi alowe m'chipinda momwemo. "Ngakhale mafumu a ku Igupto anali ndi wolawa chikho chawo. Ine ndiwalawire abusa tulo."

Lachisanu m'mawa a Simeon anatuluka akuvina gule wosadziwika. Ankakanda msana pamzati wa khonde, dzanja lina lili m'khosi, lina m'chiuno.

"Mayi a Thoko, ndipatseni phale. Lero ndamumvetsa Yobu."

Nawo a Lefina mikono inali itafiira, ikuyabwa mpaka m'zigongono. Anayang'ana amuna awo, nayang'ana mikono yawo, mawu natuluka okha: "Chitedze!"

Inali nyengo yake. Chitedze chinali chitakhwima m'madambo, ndipo aliyense amadziwa kuti ubweya wake ukakugwa, ngakhale mkuluwampingo amaiwala ulemu. A Simeon anathamangira kumunda kukadzipaka dothi louma monga timachitira tonse, koma akamatikita, moto umangokolera.

"Chitedze sichiyenda chokha kulowa m'nyumba ya munthu," anatero a Lefina. "Ndani wina anawagwira matiresiwa?"

Anamanga chitenje mwamphamvu nauyamba wa kwa a Modester. Sanafike. Pakati pa munda wa fodya wothyolathyola anakumana nawo akubwera, nawonso chitenje chili chomanga mwamphamvu, akukanda m'khosi ndi chitsononkho.

"Amake Comfort, ndimabwera kwanu," anatero a Lefina.

"Inenso ndimabwera kwanu. Munandiitanira chiyani dzulo?"

"Ndinakuitanani ine? Munabwera nokha, ndi chitedze chanu!"

"Chitedze changa? Ine wopusa chotani wothira chitedze kenako nkuchikuntha ndekha? Taonani khosili! Usiku wonse bambo a Comfort amayesa ndagwidwa ndi mizimu."

A Lefina analiyang'ana khosilo. Linali ngati lawo. Anaima pamenepo amayi awiri achikulire, aliyense akufuna kupitiriza mkangano, koma manja ali otanganidwa. Woyamba kuseka anali a Modester.

Anabwerera limodzi nawapeza a Simeon ali mbuu ndi dothi ngati nkhuku yosamba phulusa.

"Bambo a Thoko, pogula paja a Haidari ananenapo kanthu?" anafunsa a Lefina.

A Simeon anayang'ana kumwamba. "Zoti ananena, ananena. Ngati za zipi."

"Za zipi zotani?"

"Ndiye ndikuti ngati za zipi."

A Lefina anawapatsa foni kuti awaimbire a Haidari. A Haidari ndi munthu wa mawu aakulu, moti amayi onse awiri anamva bwinobwino.

"Achimwene, sindinakuuzeni kuti zipi ija musatsegule? Inu munali kalikiliki kukangana ndi anthu pakhonde panga kuti makuponi a chaka chino alandira ndani! Nsalu yam'katiyo analuka ndi ulusi wagalasi, kuti matiresi asagwire moto msanga. Ikang'ambika, tigalasi timeneto timabaya khungu, timalowa m'maso ndi m'chifuwa momwe."

"Ndiye ndadzipaka dothi," anatero a Simeon.

"Mwadzikhomera misomali nokha. Sambani madzi ozizira ambiri, osatikita. M'nyumba musasese, mungangoutsa tigalasito. Matiresiwo akulungeni asapume. Wina akayamba kutsokomola kapena maso kufiira, apite kuchipatala lero lomwe. Ndipo asayandikire fodya wanu, kuokushoni angakubwezereni mabelo."

A Simeon atamva za mabelo anasiya kukanda.

A Lefina anakhala pansi pakhonde. Abusa mawa, pogona palibe, chipinda chadzaza galasi. M'maganizo anaona kale akuluampingo akunong'onezana, abusa akunyamula chikwama kubwerera kwa a Modester. Choipitsitsa, anali atamunamizira mnzawo, Mgonero uli mkuja.

"Amake Comfort," anatero motsitsa mawu, "ndakuchimwirani. Abusa apite kwanu. Ine sindingathe."

"Iyayi, akulu anati kuno, ndiye kuno. Matiresi anga aja ndi okalamba, ali ndi dzenje pakati, koma sanalumepo munthu. Dzukani, tizire chipinda."

Anasamba kaye, zovala za dzulo naziika padera. Kenako anamanga mipango yonyowa kumphuno, napukuta makoma ndi nsanza zonyowa, nkuzira pansi ponse ndi dothi lakudambo, tigalasi tonse nkukwiririka. A Simeon anatenga matumba a feteleza wa makuponi a chaka chatha ndi singano yawo yosokera mabelo, nawasokera matiresi aja m'kati, bulangete ndi nsanza momwemo. Linatuluka belo lokongola kuposa onse omwe anapita nawo kuokushoni. Analiika kuseri kwa khola, kutali ndi chigafa cha fodya, podikira kulibweza kwa eni ake.

Loweruka masana, abusa asanafike, matiresi a Mayi Modester anadutsa njira yakumunda atafunditsidwa chitenje.

Lamulungu m'mawa abusa anatuluka m'chipinda akumwetulira. A Lefina anagwada ndi madzi osamba m'manja, a Modester ali pambuyo ndi tiyi. A Simeon anakhala chilili, manja atawakanikiza m'matumba a jekete kuti angakande pamaso pa mlendo.

"Mayi, ndagona ngati mwana," anatero abusa. "Koma chodabwitsa, matiresi anuwa ali ndi dzenje pakati, ndipo msana wanga ukuti unakumanapo nalo."

A Lefina anacheukira kwa mnzawo. A Modester anali kuthira shuga, ngati sakumva.

"Ndi dzenje lomwelo, abusa," anatero a Lefina. "Lamva kuti mwasamuka, ndiye lakutsatirani."