Odya Anyani Akumaliza Katemera

A Stanislaus Tembo a ku Kasanda anali ndi makutu osankha. Wailesi ikanena kuti korona yapha anthu ku Lusaka, iwo ankati ndi ndale chabe. Koma tsiku lomwe pafoni panabwera uthenga wakuti anthu a ku Kasanda sangadwale chifukwa mtovu wa mumgodi unawalowa m'magazi, ee, pamenepo ndiye anautumiza kwa mpingo wonse. Mtovu womwewo umene kwa zaka makumi atatu ankautukwana kuti ukudwalitsa ana, lero unasanduka mankhwala!

Tsono Prudence, mkazi wa mwana wawo Derrick, anabereka mwana wamwamuna kwawo kudera la Railways. Mdzukulu woyamba ameneyo, ndipo dzina linayenera kuchokera kwa a Tembo. Koma Derrick anaimba foni osapsatira.

"Atate, wopanda khadi la katemera salowa m'nyumba muno. Likadutsa Loweruka, dzina tisankha tokha pa TV."

Zinawawawa, osati pang'ono. Ankaonera chithunzi cha khandalo mpaka foni kuzima. Koma katemera ayi, poti anali atamva kuti wobayidwa, supuni imamata pamkono. Mai Irene, akazi awo, anawasonyeza mkono wawo wobayidwa kawiri, supuni n'kugwa pansi kuti ngwee! A Tembo anangoti supuniyo ndi yachinyengo.

Mai Irene ankawadziwa amuna awo ngati thumba la chitenje chawo. Panali nkhani imodzi imene a Tembo sankalephera kuikhulupirira: yoipitsa Abemba. Pajatu Abemba ndi anthu a kum'mawa, kwawo kwa a Tembo, ndi a chimbuya, amanyozana mwaufulu popanda mlandu, awa odya anyani, awo odya mbewa. Ndipo bambo a Prudence, a Bwembya a ku Katondo, anali Mbemba weniweni.

Lachisanu m'mawa Mai Irene analowa akupukusa mutu.

"A Tembo, mwachita bwino kukana. Kumsika akuti katemera watsala pang'ono. Abemba akuuzana m'makutu kuti amalize okha, akuti odya mbewa amaopa jakisoni."

"Wanena ndani?"

"Anthu."

Basi, umboni unakwana. Munthu amene anatsutsa madokotala a dziko lonse anakhulupirira "anthu".

"Ndinadziwa ine! Chinthu chikakhala chabwino, odya anyani amabisa!"

Njinga inauluka. Atafika pachipatala thukuta lili kamukamu, sanapeze mzere uliwonse. Namwino ankangoyasamula pambali pa bokosi lodzaza ndi katemera. Pabenchi panali munthu mmodzi yekha, malaya atapindidwa kale, nayenso akupuma mwawefuwefu: a Bwembya.

"Ndakugwirani, akuba inu!" anakuwa a Tembo.

"Imwe ba Tembo, wakuba ndani?" anayankha a Bwembya. "Akazi anga andiuza kuti odya mbewa mubwera ndi mabasi kuchokera ku Petauke kuti mumalize vonse!"

Anayang'anana. Kenaka onse awiri anakumbukira kuti akazi awo amaimba kwaya imodzi. Kubwerera kunali kotheka ndithu, koma ndani akanayamba kuthawa jakisoni mnzake akuona? Anabayidwa motsatizana, aliyense atakukuta mano kuti asamveke kubuula.

Loweruka a Tembo anaonetsa khadi pakhomo ngati tikiti ya sitima. Prudence atawaika mwanayo m'manja, anamuyang'anitsitsa. Kanthu kopepuka, kofunda, kakuwagwira chala. Misozi inatsika, ndipo anachita mantha poganiza kuti akanatha kukabweretsera matenda kamwanaka chifukwa cha uthenga wa munthu amene sankamudziwa n'komwe.

"Dzina, atate?" anafunsa Derrick.

A Tembo anatsokomola pang'ono. "Ganizani."

Mai Irene anaombera m'manja mwaulemu wonse.

"Dzina labwino zedi, a Tembo. Likanakhala lanu, bwenzi mwana uyu mutamunyamula kalekale."