Atsikana Nawonso Akayezedwe

Achimwene anga a Shaabani atagwa n'kumwalira m'munda wa nzimbe, Mulungu awachitire chifundo, adokotala a ku Sohagi anati mnofu wa mtima wawo unali wokhuthala mopyola muyezo. Anati matendawa amayenda m'magazi a banja, choncho ana onse akayezedwe.

A Hosini, achimwene athu aakulu amene anatsala akuyang'anira banja, anatenga anyamata okha. Anati awa ndi matenda a amuna, poti amene amagwa m'minda ndi amuna. Mtsikana akangooneka pakhomo la chipatala cha mtima, mudzi wonse udziwa, ndipo wodzafunsira sapezekanso. Rawiya, mwana woyamba wa malemu, anali atatomeredwa kale ndi Ragabu wa kutsidya kwa ngalande.

Koma m'mawa uliwonse ndinkamuona Rawiya akukwera masitepe ndi mtanda wa buledi kukauika padzuwa padenga kuti ufufume. Ankaima pakati ndi befu, n'kumanamizira kukonza mpango. Mayi ake ankamuseka kuti ukwatibwi wamuyamba msanga. Ine maganizo ankandipititsa kwa mng'ono wanga Nagati, amene anatupa miyendo atabereka, n'kutisiya mwana asanayambe kukwawa. Tinangoti ndi uchembere. Palibe anamuyezapo mtima.

Tsiku lina nditatha kuswali, ndinawauza a Hosini kuti ndikupita naye Rawiya kuchipatala. Anandifunsa ngati tsopano mwamuna wa nyumba ino ndine.

"Ayi, achimwene. Ndine amene ndinasambitsa mtembo wa Nagati."

Sananditsekere njira.

Adokotala anali mayi wa imvi. Mafuta opaka pachifuwa anayamba awafunditsa m'manja mwawo kuti asamuzizire mwanayo, ndipo ndinawapempherera chamumtima. Makina anaonetsa mtima wokhuthala. Magazi nawo, zotsatira zitabwera, anatsimikiza kuti Rawiya anatengera kwa bambo ake. Adokotalawo anatiuza kuti matendawa sasankha mwamuna kapena mkazi, koma akazi ambiri amafika mochedwa, mtima utatopa kale, chifukwa befu wawo amapatsidwa mayina ena. Anampatsa Rawiya mankhwala. Anati kukwatiwa angathe, koma akadzaima ayenera kuyang'aniridwa kuyambira pachiyambi, ndiye akuchimuna ayenera kudziwa.

A Hosini analamula kuti mankhwala abisidwe mpaka ukwati utadutsa.

Lachisanu amake Ragabu anabwera kudzakambirana za katundu wa m'nyumba yatsopano. Anali mayi wa nthabwala. Anamutcha Rawiya njiwa yawo, namufunsa ngati tiyi wake wasiya kukoma ngati madzi a m'ngalande. Rawiya anabweretsa matambula, ndipo pambali pa shuga panali kabokosi ka mapiritsi. Anatsegula, nameza piritsi limodzi onse akuona.

"Ndi a mutu," anatero a Hosini.

"Ndi a mtima, mayi," anatero Rawiya. "Ndili ndi matenda amene anapha bambo anga. Ndikadzaima ndidzafunika chipatala mwezi ndi mwezi. Mukamuuze Ragabu, kapena ndimuuze ndekha."

Amake Ragabu ananyamula tambula yawo. Tiyi anamwa yense, sanamusiye, ndipo ndikuwathokozabe pa chimenecho. Potuluka anamugwira Rawiya tsaya, nati nkhani ngati imeneyi sangaiyankhe okha.

Patapita masiku uthenga unabwera kuti ukwati wayamba waima, bambo a mnyamata akufuna kuganiza kaye. A Hosini anamuitana Rawiya pabwalo, namufunsa ngati wakhutira tsopano.

Iye anali atagwira mipango iwiri yatsopano, ya ang'ono ake Samiha ndi Wafaa.

"Ayambe aganiza, bambo aakulu. Mawa ndikupita ndi awiriwa kuchipatala. Mutipezere galimoto, kapena tikwera basi ya pamsika, aliyense atione."

A Hosini anandiyang'ana ine. Ndinati ndipita nawo, Mulungu akalola.