Nyimbo Yosiyira Pakati

Ndinafika maliro atatha. Ndimatero ine. Ntchito yanga ndi yoimika milongoti ya mafoni, lero tauni iyi, mawa ina. Uthenga unandipeza ndili pamwamba pa chitsulo. Pofika ndinapeza amayi ataikidwa kale. Chotsala chinali kuwakumbukira mu holo ya sukulu.

Holo inadzaza. Amayi anali telala, makina awo pakhonde la sitolo ya utoto ndi misomali, koma anthu ankawadziwa ndi mawu. Ankawatcha a Wailesi. Ukwati, iwo. Maliro, iwo. Lamlungu masana kuchipatala, bedi ndi bedi, iwo. Olankhula anatsatizana: mkulu wa kwaya, namwino, wapampando wa msika. Aliyense ankayamba ndi "mwachidule", kenako n'kutambasula miyendo. Ine mpando unayamba kunditentha.

Panja achemwali anandigwira malaya.

"A Mwendanjira, maso ali kale pamsewu?"

"Pali basi ya madzulo."

"Ipite. Tiye kwa aneba. Agogo a mawotchi aja sakudya."

Nyumba yawo inagundana ndi yathu. Agogowo anali wokonza mawotchi mpaka sitiroko inawalanda dzanja lamanja ndi pakamwa. Kulankhula kunatheratu. Chipinda chinali momwe ndinachisiyira ndili mwana. Mawotchi pakhoma, iliyonse itaima pa nthawi yakeyake. Tizitsulo m'chitini cha mkaka. Iwo anagona chagada, maso kudenga. Pampando panali mbale ya phala yovundikira ndi ina.

Akazi awo anatilonjera chapansipansi, natipepesa. Kenako anapenya mbale ija.

"Chimwalirire mayi anu, akungonyowetsa milomo. Adokotala akuti zikapitirira awaika paipi m'mphuno. Awa paipi safuna. Ulendo watha anaizula okha ndi dzanja lamanzereli."

"Nanga kale ankadya bwanji?" ndinafunsa.

"Sudziwa? Udziwira kuti, iwe wa m'misewu. Mayi ako ankabwera masana alionse akavundikira makina. Kulankhula awa sangathe, koma kuimba kumatuluka. Mayi ako aimbe, awa ayankhe, supuni ilowe. Ine ndikayesa amatsinzina. Zaka zonsezi m'banja, mawu anga sanawakondepo."

Ndinati apa mposavuta. Nyimboyo ndinali nayo m'foni, yojambula pa ukwati wina. Amayi anaipeka okha. Ndinaika foni pafupi ndi pilo.

Mawu a amayi anadzaza chipinda. Achemwali anapita pawindo. Agogo anatembenuza mutu, maso n'kuwala. Milomo inagwedera. Kenako kwaya inalowa, nyimbo n'kuthamanga, n'kutha. Iwo anayang'ana kukhoma.

Ndinaibwereza. Ulendo uno ndinapenya pakamwa pawo. Milomo inkaumba liwu, pang'onopang'ono, ngati munthu wokweza thumba lolemera. Lisanatuluke, nyimbo inali itapita kale patsogolo.

"Ikuwasiya m'mbuyo," anatero achemwali.

"Eya," anatero agogo aakazi. "Mayi anu ankaima. Akafika pa liwu lotsiriza ankangoti zii. Nthawi zina tiyi wawo ankazirala ali chidikirire."

Ndinayesa kuimitsa foni pakati pa mzere. Agogo anangokayang'ana kachinthuko. Foni ilibe nkhope. Achemwali anayesa kuimba okha, koma mawu anathyoka pa mzere woyamba. Anatuluka, nsalu ili kumaso.

Agogo aakazi anandiyang'ana.

"Ayi, agogo. Ine mawu anga ndi a chule."

"Chule naye amaimba. Khala pansi. Osaimirira pakhomo ngati wodzadula magetsi."

Ananyamula mbale ija pampando, ine n'kukhala. Pampando womwewo, akuti, ndi pomwe amayi ankakhala. Unali waufupi, mawondo anandifika pachifuwa. Ndinakhosomola. Ndinayamba.

"Mvula ikabwera, usatseke..."

Ndinaima.

Sindinadziwe kuti chete amalemera chonchi. Panja njinga inadutsa, tcheni likulira. Wina ankatsuka mapoto kuseri. Bondo langa linayamba kuvina lokha, ndipo agogo aakazi anaikapo dzanja, n'kulipanikiza. Liwulo linali kunsonga ya lilime langa. Ndinafuna kulilavula, tithane nazo. Agogo aakazi anandipukusira mutu.

Agogo aamuna ankandiyang'ana m'maso. Nsagwada zinalimbana. Mtsempha unatupa pakhosi.

"Chi... tse... ko."

Linatuluka lopyapyala, koma pamalo pake penipeni. Ine ndi amene ndinali nditaphonya.

"Mwamva?" anatero akazi awo. "Akukukonza. Watsitsa kwambiri. Kweza pang'ono."

Anavundukula mbale. Supuni inafika pamilomo. Milomo sinatseguke. Iwo sanakakamize, anangoigwira pomwepo, n'kundikodola ndi chibwano. Ndinakweza mawu.

"Mlendo wa fumbi umpatse..."

Chete uja anabweranso. Ulendo uno ndinamulola. Ndinapenya makatani. Msoko wake ndinauzindikira, wa amayi, wowongoka, wobwereza kawiri m'makona. Achemwali anabwerera, n'kutsamira chitseko.

"Ma... dzi."

Pakamwa panatsala potsegula. Supuni inalowa. Tonse tinayang'ana pakhosi. Panakwera, panatsika.

Palibe anaomba m'manja. Agogo aakazi anangopukuta chibwano cha amuna awo ndi chala, n'kutapanso phala.

"Mukuona, bambo? Mwana wa a Wailesi uyu. Batire ndi lofooka, koma siteshoni ndi yomweyo."

Mbali imodzi ya nkhope ya agogo inaseka. Achemwali anaseka nawo, mphuno ikutuluka madzi.

Tinapitiriza. Mzere, chete, liwu, supuni. Mzere wina ndinauiwala, achemwali anandinong'oneza kuchokera pakhomo. Pena agogo ankachedwa mpaka ndinkaganiza kuti agona. Sanagone. Ankabwera ndithu, pa nthawi yawo.

Nyimbo inatha. Ndinasuzumira m'mbale. Phala linali lisanafike n'pakati pomwe.

"Usayang'ane ine," anatero agogo aakazi. "Nyimbo ndi yaifupi, mbale ndi yaikulu. Mayi ako ankayambiranso."

Ndinavula jekete. Ndinayambiranso.