Kaputeni Sanawoloke Mlatho

Mayi anali atangoyala malaya achitatu pathebulo, simbi ili m'manja, pamene amuna awo analowa osapukuta nsapato, atagwira foni ngati ikuwaotcha.

"Mwana wanu wathawa."

Ana akalakwa amakhala a mayi, zimenezo anazizolowera kalekale. Anaimika simbi. "Wathawa kuti?"

"Kunkhondo. Analamulidwa kuwoloka mlatho ndi asilikali ake, iye wawabweza m'mbuyo. Aliyense akulemba zomwezo." Bambowo anapuma usilikali ali sajeni, ndipo mawu oti kuthawa ankawanyansa kuposa bodza. "Kaputeni wathunthu. Asadzandiimbirenso."

Mayi anatenga foni yawo n'kumuimbira okha. Inaitana nthawi yaitali.

"Amayi." Mawu a mwana wawo wamkazi anali osasa.

"Uli moyo, ndamva. Bambo ako ali pano, akuti sakulankhula nawe, ndiye ndakweza mawu a foni kuti akwiye akumva. Wathawa?"

Mwanayo anaseka pang'ono. "Tabwerera kumsasa, amayi. Lamulo linachokera pa chithunzi cha kutsidya kwa mlatho chomwe chinajambulidwa dzana. Titafika tinapeza kutsidya kuli zii, kopanda ngakhale galu. Timakina touluka ta adani tinali titasiya kutizungulira. Anthu amene akukuopa sakhala chete choncho. Ankadikira kuti tidzaze mlatho."

"Nthawi yathu lamulo linali lamulo," bambo anauza khoma.

"Auzeni kuti nthawi yawo mdani ankamuona ndi maso. Wangayu amandiona ineyo ndisanamuone, amatipeza ndi foni ya msilikali amene waimbira chibwenzi. Akuluakulu andiitana mawa ndikafotokoze. Mwina andichotsa."

Za timakina mayi sankazidziwa, ndipo analibe nthawi yozidziwira. "Unapita ndi angati?"

"Makumi anayi."

"Wabwera ndi angati?"

"Onse. Mmodzi wathyoka chala, anadzipana ndi chitseko cha galimoto."

"Ameneyo ndi chitsiru, koma mayi ake amulandira."

Bambo anakhala pampando, maso ali pansi. Mayi ankadziwa chimene bambowo ankawerenga m'mutu. Kale, atamvera lamulo ngati lomweli, anapita khumi ndi awiri n'kubwera asanu, ndipo mpaka lero mayina a enawo sankawatchula m'nyumba muno.

Kenaka bambo anatambasula dzanja. Mayi anawapatsa foni.

"Bwana," anatero bambowo, atatsokomola kaye. "Mawa usakayambe ndi kupepesa. Ukayambe ndi ola limene chithunzicho chinajambulidwa, kenaka ola limene unafika. Akuluakulu aja amamva wotchi, samva mantha. Uli ndi cholembera?"

"Ndili nacho, ababa."

"Lemba. Ndipo nsapato ukapolishe, ndimakudziwa."

Anatuluka nayo foni pakhonde akulankhulabe, mawu akukwera pang'onopang'ono ngati ali paperete.

Mayi ananyowetsa chala n'kukhudza simbi. Inali ikadali yotentha. Anawongola kolala ya malaya aja n'kuyamba kusita, mulu wa zovala uli pampando mmene unalili.