Masipuling'i Odula

Galimoto ya malemu bambo ndinaikweza ndine. Nyumba yathu ili pamwamba pa chitunda, kumene phula anathera, ndipo mvula ikagwa msewu wake umasanduka ngalande. Choncho ndinaiika masipuling'i olimba ndi mashoko aatali, mpaka munthu unkatha kukwawira pansi pake kukamasula sampu yosungira oilo popanda jeke. Kukongola ndiye ayi, inkaima njo ngati kakowa. Koma inkafika pakhomo.

Bambo atatisiya, banja linagwirizana kuti makiyi apite kwa mzime wathu. Iye ndiye wa ntchito ya mu ofesi, ndiye akanatha kuimwetsa mafuta. Ine makaniko ndimaswera pansi pa magalimoto a eni, koma pobwerera kunyumba ndimapalasa njinga. Pangano linali limodzi lokha: tsiku la amayi lopita kuchipatala likakwana, azibwera kudzawatenga pakhonde. Amayi mawondo anatupa kalekale, moti kuchoka pampando kukafika pachitseko kwa iwo ndi ulendo.

Miyezi yoyamba ankabwera, ngakhale nkhope ili ndwii. Kenako tsiku lina anaimba foni ali m'munsi mwa chitunda, ati tiwatsitse amayi chifukwa galimoto siingakwere.

Ndinayamba ndatsika ndekha kuti ndikaone chavuta. Mayo ine! Galimoto ija inali itagona chafufumimba, malimu a matayala ali waliwali, timatayala topyapyala, bampala itatsala pang'ono kunyambita fumbi. Ndinagwada n'kusuzumira kuseri kwa tayala. Masipuling'i anga aja wina anali atawadula, mashoko atafinyika mpaka kumapeto, mafuta ayamba kale kuchucha.

"Iwe, wachita zimenezi ndani?"

"Kuli galaja ina m'tauni, achimwene. Masiku ano anthu akuyenda chonchi. Mmene inalili muja anzanga ankandiseka, ankati ndabwera pa thirakitala."

"Nanga amayi?"

"Si pompa apa? Atsike pang'onopang'ono."

Tinawatsitsa, ine mbali iyi, mlongo wanga mbali iyo, amayi akuluma mlomo phazi lililonse likaponda. Mzime anali phee m'galimoto, akusankha nyimbo. Pobwerako tinawakweza chimodzimodzi, thukuta lili kamukamu, ndipo anagona masiku angapo osadzuka. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo mtima wanga unawawa koopsa.

Komabe ndinadziuza kuti ndi chibwana chabe, mwana wanyengedwa ndi anzake. Kugalaja kwathu kunali galimoto yamtundu womwewo imene inagundidwa kutsogolo kwa injini, miyendo yake ili yabwinobwino. Ndinapempha masipuling'i ake, ndinapeza mashoko, ndipo Loweruka m'mawa ndinamangirira zonse panjinga pamodzi ndi jeke ndi masipanala.

Mzime ndinamupeza pabwalo la nyumba yake akuitsuka, atavula malaya. Mlamu anandipatsa mpando ndi moni wamsangamsanga n'kulowa m'nyumba.

"Ndabwera kudzaikweza," ndinatero. "Sulipira kanthu. Pofika masana ndikhala nditamaliza."

"Isiyeni, achimwene."

"Mashoko aphulika, iwe. Ukangogunda dzenje limodzi sampu ibooka, injini n'kupsa."

"Ine ndimayenda pa phula pokhapokha."

"Kwa amayi kulibe phula."

Anapitiriza kupukuta galasi, malo amodzimodzi, ngati pali chimene chakanirira. Kenako anaponya chiguduli m'ndowa n'kundiyang'ana m'maso.

"Inu mukuona ngati sindinkadziwa? Ikakwera ndiye kuti chilichonse ndine. Kuchipatala ndine, kumsika ndine, azakhali akatsokomola ndine, simenti ya achemwali ndine. Nanga Loweruka langa lili kuti? Panopa aliyense akudziwa kuti siikwera, ndipo palibe akundivutitsa."

Ananena zimenezi mopanda ngakhale kamanyazi, ngati akufotokoza nzeru imene ena onse inatiphonya. Ine ndinali nditagwira sipanala yaikulu. Ndinaiyang'ana, ndinayang'ananso mutu wa mphwanga, kenako ndinaibwezera m'thumba. Zitsulo zija ndinazimangiriranso panjinga, ndipo sindinatsazike.

Kunyumba ndinapeza amayi ali pampando wawo pakhonde. Ndinawauza zonse, liwu ndi liwu, osathira shuga. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha m'moyo wawo amukwiyire mwana ameneyu, aitanitse makiyi, galimoto ibwerere pakhomo pamene inachokera. Anamvetsera akusisita bondo, maso ali kumsewu.

"Usamunenere zoipa mphwako," anatero. "Mwanayo ali pantchito yaikulu, galimoto yake iyenera kuoneka bwino pakati pa anzake. Choipa ndi msewuwu."

"Amayi, wanena yekha ndi pakamwa pake!"

"Anali atatopa. Iwenso umafika ndi ukali, ndimakudziwa."

Ine amene ndimawanyamula kupita kubafa ndinasanduka waukali, amene anadula masipuling'i n'kukhala wotopa. Ndinakaponya zitsulo zija kuseri kwa nyumba.

Lolemba m'mawa ndikutulutsa njinga, ndinaona mpando uli wokha pakhonde, ndodo yawo palibe. Ndinafunsa mlongo wanga, iye anali kukhitchini, sanaone kanthu. Ndinathamangira kugeti.

Anali pamsewu, atakhala pansi m'fumbi, miyendo atatambasula chifukwa siipindika. Pambali pawo panali beseni lochapira litadzaza timiyala ndi dothi. Ankatapa ndi manja n'kumathira m'ngalande, kenako n'kumatsendera ndi chikhatho. Pamene anali atakwirira sipakanakwana ngakhale mphasa, ndipo kumunsi kwawo msewu unali ukadali wonse, maenje okhaokha mpaka pa phula.

"Amayi, mukutani?"

"Ndikumukonzera pokwerera mphwako. Tsiku la kuchipatala likadali kutali, ndikhala nditafika kumunsi." Anapukuta thukuta ndi chigongono, n'kuloza pafupi ndi phazi langa. "Nanga wangoima bwanji? Tandipatsa mwala uwo."

Ndinawerama n'kuwapatsa.